Maloboti Akazima: Mafunso ndi Mayankho pa za Mabatire a pa Mphambano

Munthu aliyense amene anaponda mu mzinda wa Johannesburg m'chaka cha 2023, kaya anapita kukafuna ntchito monga anachitira makolo athu m'masiku a Wenela, kaya anangotsika basi pa Park Station kukaoda katundu wa malonda, sadzasowa womuikira umboni akamasimba kuti madzulo, magetsi akathima, mphambano zazikulu za mzindawo zinkasanduka ngati dziwe la m'chilimwe, pamene ng'ombe iliyonse ifuna kuyamba kumwa, koma pomalizira pake palibe imene imwa. M'chaka chimenecho kampani ya magetsi ya Eskom inagawa mdima kwa masiku oposa 300, ndipo nyali za pamsewu zija timatchula kuti maloboti, potsata dzina limene eni ake a ku Joni anazipatsa, zinkazima pamodzi ndi nyumba za anthu. Mankhwala amene amisiri ambiri amatchula pa nthenda imeneyi ndiwo mabatire. Tasonkhanitsa pano mafunso amene munthu woganiza angafunse pa nkhaniyi, ndipo tayesa kuwayankha mosathamanga, pakuti safunsa anadya phula.

*Kodi loboti ndi chinthu chanji kuti anthu azivutika kuliikira batire, pamene nyumba zawo zomwe zili mu mdima?*

Funsoli ndi loyenera, ndipo sitilinyoza. Koma taonani kuti pa mphambano pamene misewu iwiri ikuluikulu yapingasana pamakumana anthu osadziwana, othamangira kosiyanasiyana, aliyense ali ndi chitsulo cholemera m'manja mwake ndi chifukwa chake chofunira kudutsa msanga; ndipo chimene chimawaletsa kuphana si chikondi, si ulemu, koma nyali zitatu zimene onse anavomera kuzimvera. Loboti ndi nkhoswe yosakondera, yosalandira chiphuphu, yosatopa ndi dzuwa. Likazima, mlandu umene linkaweruza pa mphindi iliyonse umabwerera m'manja mwa eni ake, ndipo wamphamvu ndiye amadya: lole imadutsa, minibasi imadzipanikiza, woyenda pansi ndi mwana kumsana amaima m'mphepete kufikira miyendo itatopa.

Ndiponso vutolo silikhala pa mphambano imodzi. Mzere wa magalimoto ukatalika umatseka mphambano ya kumbuyo kwake, iyonso imatseka inzake, kufikira chigawo chonse cha mzinda chitaima nji. Ndipo m'kati mwa mzere womwewo mumakhala ambulansi yonyamula wodwala kupita ku chipatala. Anthu anaidziwa kalekale ntchito ya chida chimenechi, loboti. Choyamba cha mtundu wake chinaimikidwa mu London, pafupi ndi nyumba ya malamulo, mu December 1868, ndipo anachikonza ndi J. P. Knight, mmisiri wa za njanji. Usiku chinkawala ndi gasi, koma pasanathe mwezi wathunthu gasiyo anaphulika navulaza wapolisi amene ankachiyendetsa, ndipo ntchitoyo inalekeka. Maloboti a magetsi anadza pambuyo, mu mzinda wa Cleveland ku America, m'chaka cha 1914. Kuyambira tsiku limenelo moyo wa loboti unamangiriridwa ku nthambo ya magetsi, ndipo nthamboyo ikafa nalonso limafa.

*Nanga batirelo limagwira ntchito bwanji? Kodi pamafunika munthu woti adzalilumikize magetsi akathima?*

Iyayi, munthu safunika, ndipo apa ndi pamene pagona luso lake. Mukadzaima pa mphambano ya maloboti mudzayang'ane m'mphepete mwa msewu. Mudzaona bokosi lachitsulo lotalika ngati kabati ya m'nyumba. M'menemo ndimo muli mutu wa ntchito yonse, makina amene amawerenga masekondi ndi kulamula nyali iti iyake. Pamene pali batire, m'bokosi lomwelo kapena m'linzake loyandikana nalo amaikamo zinthu zinayi. Muli chotchajira, chimene chimadzaza mabatire nthawi yonse imene magetsi alipo. Muli mabatire enieniwo. Muli inveta, imene imasandutsa moto wa batire kukhala wofanana ndi wa m'nthambo, pakuti moto wa batire umayenda mbali imodzi pamene wa m'nthambo umapita uku ndi uku. Ndiponso muli kaswitchi kodziyendera kokha, kamene kamakhala tcheru usana ndi usiku ngati mlonda wa pa chipata.

Magetsi akangothima, kaswitchiko kamachotsa maloboti ku nthambo ndi kuwapereka kwa mabatire, ndipo kamachita zimenezi mofulumira koposa kuphethira kwa diso, kotero kuti makina owerenga masekondi aja saiwala pamene anafika, ndipo dalaivala amene waima pa nyali yofiira sadziwa n'komwe kuti chigawo chonse chagwa mu mdima, pokhapokha ataona kuti mawindo a masitolo ada. Magetsi akabwera, kamabwezera zonse m'malo mwake, ndipo mabatire amayambanso kudzazidwa. Phindu lina, limene silitchulidwa kawirikawiri, n'lakuti zida zimenezi zimatchinjiriza makinawo ku magetsi obwera mwaukali kapena mofooka, amene nthawi zambiri ndiwo amaononga zipangizo kuposa mdima weniweniwo.

Koma chimodzi tichigwiritsitse kuyambira pano: batire silipanga magetsi. Ndi nkhokwe, si munda. Limapereka chimene linalandira, ndipo likapereka liyenera kubwezeredwa.

*Ngati nzeru yake ndi yapafupi chotere, bwanji sanayambe kale? Mabatire si a dzulo.*

Si a dzulo ndithu. Batire la mtovu ndi asidi, longa la m'galimoto, analitulukira ndi Gaston Planté wa ku France m'chaka cha 1859, loboti lisanabadwe n'komwe. Chimene chinkaletsa chinali babu. Mababu akale, aja a kawaya kofuka m'kati, anali osusuka: limodzi la pa loboti linkadya mawati 100 kapena kuposerapo, ndipo gawo lalikulu la mphamvuyo linkathera m'kutentha, osati m'kuwala. Pa mphambano yaikulu pamayaka nyali zambiri nthawi imodzi, za magalimoto ndi za oyenda pansi, ndipo kudyetsa khamu lotere ndi batire kunali ngati kuphikira maliro ndi ufa wa m'kambale.

Zinthu zinasintha pamene mababu a LED anafika, amene limodzi limakhuta ndi mawati 10 kapena 15, ndiye kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a chakudya cha mkulu wake uja. Ofiira ndiwo anayamba kufala. Obiriwira owala bwino anachedwerapo kufikira m'zaka za m'ma 1990, atatulukira njira yopangira kuwala kwa buluu, ntchito imene inapatsa Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura mphoto ya Nobel m'chaka cha 2014. Chotero pamene dera la California ku America linalowa m'mavuto a kuthimathima kwa magetsi m'zaka za 2000 ndi 2001, mizinda yambiri kumeneko inali itayamba kale kusintha mababu, ndipo boma la deralo linapereka ndalama zothandizira kuika mabatire pa mphambano zimene zinali ndi LED. Batire linayembekeza babu kwa zaka zambiri, ndipo babu litachepetsa kudya ukwati unatheka.

*Kodi mabatirewo amatha maola angati?*

Tiyeni tiwerengere pamodzi, m'mayunitsi omwe aja timagula pa mita ya m'nyumba. Tiyerekeze kuti m'bokosi muli mabatire anayi akuluakulu a mavolti 12, amene onse pamodzi asunga mayunitsi 5 osakwana pang'ono. Batire la mtovu silifuna kukokololedwa mpaka pansi, pakuti likazolowera kutero limafa msanga; choncho mmisiri wanzeru amawerengera theka lokha, mayunitsi awiri ndi theka. Tiyerekezenso kuti mphambanoyo, pamodzi ndi makina ake, ikudya mawati 400. Maola ake ndi 6 kapena chapompo. Mphambano yomweyo ikadakhala ndi mababu akale, odya mawati 2,000, ikadazima litangopitirira ola limodzi. Ziwerengerozi n'zongoyerekeza, chifukwa mphambano zimasiyana kukula, koma zikuonetsa msinkhu wa nkhaniyi: tikunena za maola ochepa, osati masiku.

Pofuna kutalikitsa maolawo, m'maiko ena amakonza makina kuti mphamvu ikatsika kufika pa mlingo wina, maloboti aleke kusinthasintha mitundu, ayambe kungophethira nyali yofiira mbali zonse. Kuphethirako kumadya pang'ono, ndipo ngakhale sikuweruza mlandu, kumauza dalaivala wobwera mu mdima kuti pano pali mphambano, aime. Ndi mlonda wotopa amene sangathenso kugwira nthungo koma akutha kukuwa. Komatu mdima ukatalika, monga zinachitikira ku Spain ndi ku Portugal pa 28 April 2025, pamene maiko awiriwo anathimiridwa magetsi kuyambira masana, malo ambiri mpaka usiku, ndipo apolisi a mu Madrid ndi Lisbon anatsikira m'misewu kukalozera magalimoto ndi manja, batire la pa mphambano silingapirire mpaka mapeto.

*Kodi pa kusintha kuja kochoka ku nthambo kupita ku batire sizingachitike kuti mbali ziwiri zonse zione nyali yobiriwira nthawi imodzi?*

Amisiri analiopa tsoka limeneli kuposa ena onse, ndipo m'bokosi muja anaikamo kachida kapadera kamene ntchito yake ndi imodzi yokha, kuyang'anira kuti misewu yopingasana isapatsidwe chilolezo pamodzi. Kakaona chosokonekera, kamalanda ulamuliro ndi kuika nyali pa kuphethira kapena kuzizimitsa. Mukadzapeza loboti likuphethira magetsi ali bwinobwino, kawirikawiri ndi kameneka kagwira ntchito yake.

*Tsono ngati zonsezi zilipo, n'chifukwa ninji mphambano za ku Johannesburg zinkakhala mu mdima?*

Apa ndi pamene chikomekome cha mkuyu chimaonetsa nyerere zake, ndipo tikhalitsapo pang'ono, chifukwa amene amalankhula za mabatire pa misonkhano amakonda kudumpha gawo limeneli. Bungwe la Johannesburg Roads Agency limasamalira mphambano za maloboti pafupifupi 2,000, ndipo linayesa ndithu kuika mabatire pa zambiri mwa izo. Adani amene linakumana nawo anali atatu.

Woyamba, ndiponso woopsa kuposa onse, ndi mbala. Pa nthawi imene nyumba iliyonse ikulira magetsi, batire lalikulu ndi inveta yake zimasanduka chuma chimene aliyense amachifuna, ndipo chuma chimenechi chaikidwa m'bokosi la m'mphepete mwa msewu, popanda mpanda kapena galu. Wakuba safuna batire lokha. Amafunanso nthambo za mkuwa zokagulitsa kwa ogula zitsulo, ndipo pozikumba amaononga makina a mtengo woposa kutalitali ndalama imene iye adzalandire. Mdima umene unabweretsa batire ndi womwewo umene umaphimba wolichotsa. Sitinganene kuti mzinda unali wopanda nzeru pogula mabatire. Tinganene kuti unamanga nkhokwe panjira, m'chaka cha njala.

Wachiwiri ndi nthawi. Eskom inkagawa mdima m'masiteji, ndipo siteji iliyonse inkatanthauza mamegawati 1,000 ochotsedwa pa dziko lonse. Pa siteji yoyamba kapena yachiwiri magetsi amathima maola awiri, nabwera kwa nthawi yaitali, ndipo batire limakhuta bwinobwino lisanaitanidwenso. Koma pa siteji 6, imene inabwera kawirikawiri m'zaka za 2022 ndi 2023, dera limodzi linkathimiridwa katatu kapena kanayi pa tsiku, nthawi zina maola anayi motsatizana, ndipo batire la mtovu, limene limafuna maola ambiri kuti lidzaze, linkaitanidwa ku ntchito lili ndi njala. Lero lapereka lisanadzale, mawa chimodzimodzi, ndipo pakatha miyezi ingapo lafooka kotheratu. Ng'ombe yolima m'mawa ndi madzulo osapita kubusa sifika pa masika.

Wachitatu ndi dzuwa. Mabatire a mtovu amakonda malo ozizira bwino, pa madigiri 25 kapena chapompo, ndipo amisiri ali ndi lamulo lawo lakuti kutentha kukakwera ndi madigiri pafupifupi 10 pamwamba pa mlingo umenewo, zaka za batire zimadulidwa pakati. Tsono ganizani za bokosi lachitsulo loima pa phula mwezi wa October. Choipitsitsa n'chakuti batire lakufa silinunkha. Limakhala phee m'bokosi mwake, looneka ngati lamoyo, ndipo ngati palibe munthu wobwera ndi chida kudzaliyesa pa nthawi yake, imfa yake imadziwika tsiku lomwe likufunika, monga anamwali aja a m'fanizo amene anazindikira pakati pa usiku kuti nyali ali nazo koma mafuta alibe.

*Kodi anthu a kumeneko anangokhala manja lende?*

Sanatero. Mzinda wa Cape Town unalimbikira njira ya mabatire, kotero kuti pofika 2023 pafupifupi mphambano zitatu mwa zinayi zilizonse za maloboti zinali nawo. Ndipo unayamba kutembenukira ku mabatire a lithium, amene ndi okwera mtengo pogula koma amadzaza msanga ndipo amapirira kukokololedwa kawirikawiri. Pothana ndi akuba, amisiri ayesa mabokosi a konkire ndi zipinda zokwirira pansi pa nthaka.

Johannesburg inatsata njira ina yochititsa chidwi. Popeza makampani akuluakulu anali kale ndi majenereta ndi mabatire awo, otetezedwa ndi mipanda ndi alonda, anagwirizana ndi mzinda kuti akoke nthambo kuchokera m'nyumba zawo kufika pa mphambano zoyandikana nazo. Investec inatero pa Grayston Drive ku Sandton, Vodacom inatero ku Midrand, ndipo MTN inapereka moto wa pa nsanja zake za mafoni ku mphambano zina za ku Soweto. Nzeruyi ndi yabwino pa chifukwa chimodzi chachikulu, chakuti nkhokwe yachoka panjira yalowa m'mudzi. Koma ife tili ndi kadandaulo kathu. Nyumba za makampani olemera zimakhala m'madera olemera, ndipo ngati kuwala kwa mphambano kudalira kukoma mtima kwa mnansi, ndiye kuti wopanda mnansi wolemera adzakhalabe mu mdima; pamene mphambano zimene zimaoloka anthu ambiri oyenda pansi, ana a sukulu ndi amayi a ku msika, kawirikawiri zili kutali ndi nyumba zagalasi zimenezo. Kupatsa n'kwabwino, koma mzinda suyendetsedwa ndi mphatso zokha.

Panalinso anthu. Kampani ya inshuwalansi ya OUTsurance inayamba kulipira olozera magalimoto pa mphambano za mu Johannesburg m'chaka cha 2005, ndipo m'masiku a mdima waukulu amuna osowa pokhala, aja amapempha pa maloboti, anayamba okha kuima pakati pa msewu ndi kulozera magalimoto, madalaivala nawaponyera makobili. Akuluakulu a mzinda anachenjeza kuti n'zoopsa ndiponso n'zosaloledwa, ndipo sananame. Koma ambiri amene anafika kunyumba msanga madzulo amenewo anafika chifukwa cha manja a munthu wopanda nyumba.

*Bwanji osangoika sola, popeza dzuwa tili nalo lambiri?*

Sola ndi munda uja tinati batire lilibe, ndipo pamene yaikidwa bwino loboti silisamalanso za nthambo. Koma dzuwa limalowa, ndipo usiku wonse ndi batire lomwelo limene limanyamula katundu, choncho liyenera kukhala lalikulu kuposa la kungodikira maola awiri. Mbale zake za pamwamba zimafuna kupukutidwa fumbi, ndipo zimaonekera patali kwa uja wa zala zazitali. Sola imachotsa mdani wachiwiri, koma woyamba ndi wachitatu imawasiya ali chilili.

*Kodi ife a kuno kwathu zikutikhudza, popeza maloboti athu ndi owerengeka?*

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndipo kunena zoona, kwa ife linafika kale. Magetsi a Malawi ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu January 2022 dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Abale athu a ku Zambia anaona zoposa apa m'chaka cha 2024, madzi atatsika m'nyanja ya Kariba, pamene Lusaka inkakhala mu mdima pafupifupi tsiku lonse. Magalimoto akuchuluka mu Lilongwe ndi mu Blantyre chaka ndi chaka, ndipo maloboti adzachuluka nawo.

Kuchepa kwa maloboti athu ndi mwayi, chifukwa tingathe kusankha tisanamange. Maganizo athu ndi awa. Khonsolo isagule mabatire a mphambano zonse tsiku limodzi kuti nduna idzadule riboni. Iyambe ndi zochepa, za pa njira ya ku chipatala, za pafupi ndi sukulu ndi misika, ndi zimene dalaivala saona bwino mbali inayo. Pa ndalama zogulira batire iikepo pomwepo ndalama za munthu woliyesa ndi za batire lodzalowa m'malo mwake pakatha zaka zingapo. Ngati ndalama zachiwirizi palibe, zoyambazo zisatuluke. Ndipo pamene malo alipo, aganizire za raundabauti, imene anthu a ku Lilongwe anakula nayo: imadzaza pa nthawi ya m'mawa ndi madzulo, inde, ndipo woyenda pansi imamuvuta kuoloka, koma sinazimepo chiyambire.

*Pomaliza, ine woyendetsa galimoto ndichite chiyani ndikapeza loboti lazima?*

Ku South Africa lamulo ndi lomveka: mphambano yotere muitenge ngati ili ndi chikwangwani choimitsa mbali zonse, muime kotheratu, ndipo amene anayamba kufika ndiye ayambe kudutsa, mmodzimmodzi mosinthana. Ku California lamulo ndi lofanana nalo. Pakakhala wapolisi wa pamsewu, dzanja lake ndilo lamulo, ngakhale nyali itayakanso iye asanachoke. Kulikonse kumene muli, musayese kuti popeza msewu wanu ndi waukulu ndiye kuti mnzanuyo akudziwa zimenezo; musakakamire kumbuyo kwa galimoto ya patsogolo kuti mudutsire pa mwayi wake; ndipo usiku muchepetse liwiro pamene mukudziwa kuti pali mphambano, pakuti loboti lozima silioneka, ndipo wakabaza alibe nyali. Mukaona bokosi la m'mphepete mwa msewu lathyoledwa kapena lili pululu, musati aona ena. Kauzeni a khonsolo kapena apolisi tsiku lomwelo.